Ku Beira mu Disembala: kothamanga nkuti, ana angasambe pati?

Nachisale_Ulongwe

Moni nonse abale. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mukuidziwa bwino Beira. Sukulu zikatsekera mu Disembala tikutsikira kumeneko anthu asanu ndi awiri kuchokera kuno ku Ulongwe, akuluakulu atatu ndi ana anayi, wamng'ono wa zaka 8, wamkulu wa zaka 15. Tikakhala masiku khumi kwa achibale ku Macuti. Bambo a kunyumba amathamanga m'mawa uliwonse ndipo safuna kudukiza, anyamata ndi ampira, atsikana akungolota zosamba m'nyanja. Kusambira kumene amadziwa ndi kwa mumtsinje basi. Kodi kothamanga kwabwino nkuti, ndipo nthawi yanji? Nanga ana angalowe m'madzi pati popanda ife mtima kukhala m'mwamba? Ngati pali kwina kokawongolerako miyendo kosadula, tiuzeniko.

Phiri_Moatize

Mayi Nachisale, ine ndiyankhe za bambowo, za m'madzi ndisiyira ena.

Malo mwapeza abwino, chifukwa Macuti ali pagombe penipeni. Bambo akhoza kuyambira pa farol, nsanja ija yowunikira sitima zapamadzi, ya mizere yofiira ndi yoyera, imene inamangidwa mu 1904, n'kutsata msewu wa m'mbali mwa nyanja, umene gawo lake lalikulu ndi Avenida das FPLM, kudzera ku Palmeiras mpaka ku Ponta Gêa kumene kuli chinyumba chakale cha Grande Hotel. Njira yonseyo chitunda palibe ndi chimodzi chomwe. Azithamangira kudzanja lamanja kuti aziona galimoto zobwera, ndipo maso akhale pansi, poti malo ena nyanja inagumula m'mphepete, ena mchenga unakwirira.

Munthu wozolowera zitunda za ku Angónia, kumene mumakhala pamwamba pa mamita 1,200, akafika kugombe amamva miyendo kupepuka ndi chifuwa kutseguka. Ndiye tsiku loyamba amaponda moto, pobwerera n'kumakoka miyendo mutu ukuwawa. Chimene chamugwetsa ndi chinyezi. Mumzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, koma mpweya ndi wouma, thukuta limauma msanga n'kuziziritsa thupi. Ku Beira mu Disembala nambala ndi yocheperapo, 31 kapena 32, koma thukuta limangoyenderera pakhungu osauma. Thupi likutaya madzi, kuzizira ayi.

Choncho achite motere. Dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yonyamuka. Ikamakwana hafu pasiti 6 akhale atamaliza. Kusanayere asapite, makamaka pamchenga pamene palibe anthu, ndipo foni yodula ikhale kunyumba. Masiku atatu oyamba adule pakati nthawi imene amathamanga kwawo, ngati ndi ola limodzi achite mphindi 30, kenaka aziwonjezera mphindi 5 kapena 10 pa tsiku. Thupi limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti lizolowere kutentha kotere, ndiye pa masiku khumi asayembekezere kuthamanga monga amachitira ku Ulongwe. Awerenge nthawi, osati makilomita: mphindi 20 kupita, n'kutembenuka. Ngati kuli kamphepo, ayambe kakuwakankha kumsana kuti pobwerera, thupi litatentha, kaziwawomba kumaso.

Za madzi akumwa: theka la lita kutatsala ola limodzi kuti anyamuke, ndi kabotolo m'manja. Ngati kunyumbako kuli sikelo, adziyeze asanapite ndiponso atabwera. Kilogalamu imodzi imene yachoka ndi lita imodzi ya madzi yoti ibwerere. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wodera ngati tiyi, madzi sanakwane. Pa tsiku la thukuta lambiri madzi okha sakwanira, pafunika ndi mchere: lita imodzi ya madzi abwino, timasupuni 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere. Madzi a lanho, kokonati wanthete uja amagulitsa m'misewu, nawonso amathandiza.

Mchenga uli pawiri. Wouma wa kumtunda umameza phazi, umatopetsa akatumba ndi mtsempha wa kuchidendene, ndipo munthu wosazolowera akathamangapo mphindi 40 mawa lake sakwera ndi sitepe yomwe. Wonyowa umene madzi angochokapo ndi wolimba bwino, wofewa kuposa tara. Vuto lake ndi wopendekera kunyanja, mwendo umodzi umaponda m'munsi, ndiye ayenera kupita ndi kubwerera mtunda wofanana kuti bondo limodzi lisasenze lokha. Akafuna kuvula nsapato, mphindi 10 zakwana poyamba.

Maseko_Manga

Achemwali, pa funso la ana nthawi ndi yofunika kuposa malo. Gombe lomwelo la Macuti limene m'mawa anyamata akusewerapo mpira, madzulo likhoza kukhala pansi pa madzi opitirira msinkhu wa munthu.

Ife akumtunda tinazolowera kuti mtsinje umadzaza mvula ikagwa n'kuphwa m'chilimwe. Nyanja yamchere imachita zimenezo kawiri pa tsiku, kaya kuli mvula kaya ng'amba. Ndiyo maré imene anthu a ku Beira amanena. Kuchokera pamene madzi aphweratu kufika pamene adzaziratu pamapita maola 6 ndi mphindi pang'ono, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imasendera kutsogolo ndi mphindi pafupifupi 50. Ngati Lolemba madzi anaphwa 9 koloko m'mawa, Lachisanu adzaphwa chakumasana. Choncho zimene munaona dzulo musaziyese za lero. Pa foni lembani kuti tabela de marés Beira, mudzapeza maola ndi mamita a tsiku lililonse. Koperani a masiku khumi anuwo papepala, mumate pakhoma.

Maré ya ku Beira ndi imodzi mwa zazikulu kwambiri pagombe lonse la kum'mawa kwa Africa. Mwezi ukakhala wathunthu, ndiponso ukakhala mumdima, kusiyana kwa madzi ophwa ndi odzaza kumafika mamita 6, nthawi zina kupitirirapo. Mwezi ukakhala theka kusiyanako kumachepa kwambiri ndipo madzi amayenda mofatsa. Masiku a mwezi watheka ndiwo abwino kwa ana.

Chimene chimapusitsa alendo n'chakuti madzi sakwera mofanana ola lililonse. Gawani kukwera konseko m'magawo 12. Ola loyamba limatenga gawo limodzi, lachiwiri awiri, lachitatu atatu, lachinayi atatu, lachisanu awiri, lomaliza limodzi. Pa tsiku la mamita 6 ndiye kuti ola loyamba madzi angokwera theka la mita, munthu n'kumati nyanjayi ndi yaulesi, koma ola lachitatu lokha akwera mita ndi theka, lachinayi chimodzimodzi. Tsono madzi akaphwa amasiya chidikha chachikulu cha mchenga ndi matope, ana n'kuthamangira kutali kukatola zigoba ndi kuthamangitsa nkhanu. Pobwerera madziwo sabwera kutsogolo kokha. Amayamba kudzaza timakwawa totsika timene tili kumbuyo kwa munthu, pakati pa iye ndi gombe, iye ataima pakachulu ka mchenga akuona ngati zonse zili bwino. Akamacheuka wazunguliridwa. Lamulo losavuta ndi ili: kuyenda pachidikhapo kuyambe madzi akuphwa, ndipo ola limodzi likatha kuchokera pamene aphweratu, aliyense akhale atabwerera kumchenga wouma.

Kusamba kwenikweni kuchitike madzi akukwera, ola limodzi kapena awiri asanadzazire, pa tsiku lopanda mphepo yamphamvu. Madzi akayamba kubwerera, makamaka masiku a maré yaikulu, amakoka. Ana asapitirire madzi a m'chiuno. Wamkulu mmodzi aime m'madzi momwemo kumbali ya kunyanja, wina aime kumtunda ntchito yake kuwerenga mitu basi, osati kucheza pa WhatsApp. Chifukwa chake ndi ichi: madzi a ku Beira ndi ofiirira ngati a Zambezi wa m'dzinja, poti Púnguè ndi Búzi amathiramo dothi, ndiye mwana akamira simumuona ngakhale ali mita imodzi kuchokera pamene mwaima. Musadalire kuti pagombe mupeza wolondera osamba.

Malo oti musalowe ndi awa. Pafupi ndi ma esporão, makoma aja a miyala ndi simenti olowa m'nyanja amene anawaika kuti agwire mchenga: m'mbali mwake madzi amakumba dzenje n'kuthamangira kunyanja, ndipo miyala yake ili ndi zigoba zocheka ngati lumo. Pa chigoba cha sitima yakale chimene chili patsogolo pa farol, chijambuleni muli pamchenga, zitsulo zake ndi zadzimbiri ndipo zina zakwiririka. Pa desaguadouro ya ku Palmeiras, pamene ngalande za mumzinda zimathira m'nyanja, makamaka mvula ikagwa dzulo lake. Ndiponso ku Praia Nova ndi konse kolowera ku mathiriro a Púnguè, kumene ndi kwa mabwato a asodzi ndipo madzi ake amathamanga kwambiri. Kumeneko pitani m'mawa kukaona nsomba ndi camarão zikutsitsidwa, osati kukasamba.

Anawo muwaphunzitse musananyamuke za mkokomo wobwerera kunyanja. Mafunde akaunjika madzi kugombe, madziwo amafuna potulukira, ndipo amapanga kamtsinje kopapatiza kolowera kunyanja. Pamenepo pamaoneka bata, mafunde saswekapo, n'chifukwa chake mlendo amasankha pomwepo. Wogwidwa ndi mkokomowo asalimbane nawo kuti abwerere molunjika, mphamvu zidzamuthera. Ayandame, akweze dzanja, asambire chammbali motsata gombe mpaka atuluke m'kamtsinjeko, kenaka mafunde amuthandize kubwerera. Ana amumtsinje amachimva msanga ichi, poti Revúbuè akadzaza sawoloka molunjika. Wopulumutsa asalowe chimanjamanja, atenge chinthu choyandama monga chigubu chotseka bwino. Koma zigubu ndi machubu a galimoto zisakhale zoseweretsa ana m'nyanja, kamphepo kochokera kumtunda kamazitengera kutali mofulumira. Kudumphira chamutu n'koletsedwa, pansi simupaona. Ndipo asafulatire mafunde.

Nangozo_Tsangano

A Phiri mwafotokoza bwino, koma pa zovula nsapato ndikutsutsani. Gombe la mumzinda limakhala ndi magalasi osweka, mbedza ndi minga ya nsomba, ndipo bala la kuphazi m'nyengo yachinyezi limachedwa kupola. Bambowo athamange ndi nsapato zakale zimene sazimvera chisoni, akabwera azitsuke ndi madzi a pampopi kuchotsa mchere, aziyanike pamthunzi. Masokosi onyowa osakanikirana ndi mchenga ndiwo amabweretsa matuza. Pakati pa ntchafu ndi m'khwapa apake vaselini asananyamuke, thukuta losaumalo limanyula khungu.

Mayi Nachisale, ana muwaonetse chithunzi cha caravela asanafike. Ndi kathumba kabuluu kooneka ngati chibaluni kapena pulasitiki, kokhala ndi ulusi wautali, ndipo mphepo yochokera kunyanja imakakankhira kugombe. Mwana wa zaka 8 adzafuna kukatola. Ulusiwo umaluma ngakhale kanthuko katafa. Mukaona tambiri pamchenga, tsiku limenelo zosamba zalephereka. Mwana akalumidwa musapake mchenga, musatikite. Tsukani ndi madzi a m'nyanja, osayamba ndi a pampopi, chotsani ulusi ndi kamtengo kapena m'mphepete mwa khadi, kenaka viikani malowo mphindi 20 m'madzi otentha amene dzanja la wamkulu lingapirire. Chinanso ndi raia, nsomba yaphanthi imene imabisala mumchenga m'madzi osaya ndipo ili ndi munga kumchira. Polowa m'madzi azikhwekhwereza mapazi pansi kuti ithawe, asamaponde modumpha. Wobayidwa aviike phazi m'madzi otentha mphindi 30 kapena kupitirira, kenaka apite kuchipatala, chifukwa kachidutswa ka munga kamatsalira m'bala. Aliyense amene wayamba kubanika, kutupa nkhope kapena kukomoka atalumidwa, ameneyo mumukweze txopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu, kupita kuchipatala nthawi yomweyo. Hospital Central ili mbali yomweyo ya kugombe.

Dzuwa nalo musalipeputse poti ndife akhungu lakuda. Kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko masana ana akhale pamthunzi. Mafuta oteteza a SPF 30 apake pamapewa, pamphuno ndi m'makutu, n'kubwereza maola awiri alionse ndiponso akatuluka m'madzi. Kusamba atavala tisheti n'kotchipa kuposa mafutawo. Mchenga wouma wa masana umawotcha mapazi, patapata asasiye. Amene wayamba chizungulire, nseru kapena kukokana kwa minofu, mugonekeni pamthunzi, mumasule zovala, amwe madzi aja a shuga ndi mchere pang'onopang'ono. Akayamba kuyankhula zosokonekera, mumuthire madzi ozizira thupi lonse muli pa ulendo wa kuchipatala.

Udzudzu wa ku Beira ndi wochuluka kuposa wa kumapiri kwathu, ndiye masikito munyamule anu. Aliyense akatentha thupi muli konko kapena m'masabata otsatira mutabwerera, akayezetse malungo tsiku lomwelo.

Nachisale_Ulongwe

Zikomo kwambiri nonse, ndakopera zonse. Za maré sindinkazidziwa n'komwe. Mlamu wanga akunena za ku Savane kuti madzi ake ndi oyera, kodi n'koyenera kupitako ndi ana? Nanga anyamata ampirawo, ndi masiku amene nyanja yakana, tingapite kuti?

Banda_Domwe

Mayi, Savane ndi kokongola ndithu, mlamu wanu sananame. Kuli pa mtunda wopitirira pang'ono makilomita 30 kumpoto kwa Beira. Galimoto imatsala kutsidya lino la mtsinje wa Savane, inu n'kuwoloka pa boti kupita ku kamtunda ka mchenga kokhala pakati pa mtsinje ndi nyanja. Madzi ake ndi oyererapo chifukwa muli kutali ndi dothi la Púnguè. Koma kuyera kwa madzi si kufatsa kwake. Kumeneko nyanja ndi yotseguka, mafunde ndi amphamvu kuposa a ku Macuti, ndipo pamathiriro a mtsinje madzi akamaphwa amathamanga ngati mu ngalande. Zonse zimene anena a Maseko zigwire ntchito kuwirikiza. Msewu wake ndi wadothi ndi mchenga, wodutsa m'madambo, ndiye mu Disembala funsani kaye amene adutsamo sabata yomweyo, ndipo mvula ikagwa usiku musakakamire ndi galimoto yaing'ono. Nyamukani m'mamawa, tengani madzi akumwa malita awiri kapena atatu pa munthu, pa boti funsani makolete a ana, majekete aja oyandamitsa munthu m'madzi, musanakwere, ndipo mugwirizane ndi woyendetsa za ola lobwerera musanatsike. Tsiku limodzi lakwana.

Mpira wa pamchenga umasewereka kuyambira maola awiri madzi asanaphweretu kufikira ola limodzi ataphwa, pamene mchenga uli wolimba. Masiku a maré yaikulu kuphwa kumeneku kumagwa cha m'ma 10 kapena 11 koloko m'mawa, dzuwa litakula kale, ndiye ayambe 8 koloko n'kusiya msanga. Zigawo za mphindi 15 zakwana, pakati pake madzi ndi mthunzi. Magolo aike motsata gombe kuti mpira usamalowere kunyanja, ndipo ukalowa m'madzi opitirira mawondo ausiye, mafunde aubweza okha kapena wapita. Anyamata a komweko amasewera madzulo ndi Loweruka ndi Lamlungu, ndipo mlendo wobwera ndi mpira wake sakanidwa. Amene amamvako Chinyungwe sadzavutika ndi Chisena.

Nyanja ikakana, pitani ku paki ya Chiveve pakati pa mzinda. Chiveve ndi kamtsinje kamene kamadzaza ndi kuphwa motsata maré, ndipo atakakonza kuti kazichotsa madzi a mvula mumzinda anamanga paki m'mbali mwake, imene inatsegulidwa kumapeto kwa 2020. Muli njira zoyendamo ndi zothamangamo, malo osewerera ana, ndi mitengo ya mangal, ija imamera m'matope amchere mizu ili pamtunda. Madzi akaphwa ana adzaona nkhanu zing'onozing'ono zadzanja limodzi lalikulu zikutuluka m'mauna. M'madzimo asalowe, ndipo dzuwa likamalowa, cha m'ma 6 koloko, chokanimo chifukwa cha udzudzu. Kuchokera ku Macuti ndi ulendo wa chapa (minibasi) kapena txopela, mtengo mugwirizane musanakwere. Chapafupi pomwepo pali bwalo la Ferroviário da Beira, Caldeirão do Chiveve. Anyamatawo akalione, ndipo akauzidwa kuti timuyi inatenga chikho cha Moçambola, ligi yaikulu ya dziko lino, mu 2016, ayankhe kuti Songo yathu ya ku Tete inatenga 2017 ndi 2018 motsatizana.

Ngati kwa achibalewo kuli njinga, Beira ndi mzinda wa njinga poti ndi wathyathyathya. Ingopewani mchenga wa kugombe, ndipo mukayenda m'mbali mwa nyanja tsukani tcheni ndi madzi a pampopi, muumitse, muthire oyilo. Mpweya wamchere umachititsa dzimbiri m'masiku ochepa, njinga ya eni ake n'kubwerera ikulira.

Kumbukiraninso kuti kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya namondwe. Idai anafika ku Beira mu Malichi 2019 n'kudula ndi msewu wa N6 womwe, Eloise anabwera mu Januwale 2021. Muzimvera machenjezo a INAM, bungwe loona za nyengo, pa wailesi musananyamuke ku Ulongwe ndiponso muli konko. Ngakhale namondwe ali kutali, nyanja imayamba kukalipa masiku angapo asanafike. Bingu likangomveka, onse atuluke m'madzi ndipo achoke pamchenga, pagombe munthu woimirira ndiye chinthu chachitali.

Maseko_Manga

Ndiwonjezere kamodzi pa za Savane. Posankha tsiku yang'anani papepala lija la maré, osati kalendala yokha. Madzi akaphwa kwambiri m'mphepete mwa mtsinjewo mumatsala matope, ndipo kukwera kapena kutsika boti kumafuna kuponda m'matopemo ndi ana ndi katundu. Funsani a boti ola labwino lowolokera pa tsikulo, ndipo mafoni ndi ziphaso za BI muike m'jumbo yomanga bwino.